Posankha chithunzi chopatsa agogo pa Khrisimasi, yambani ndi maso awo

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhule ndi owerenga anu amene akuganiza zopatsa agogo awo chithunzi ngati mphatso ya Khrisimasi kapena Chaka Chatsopano. Ife ndife ojambula ndi otsuka zithunzi kuno ku Mangochi, ndipo mwezi wa Disembala ntchito imeneyi ndiyo imachuluka. Ganizoli ndi labwino. Shuga amatha, chitenje chimasuluka, koma chithunzi chosankhidwa bwino chimakhala m'nyumba zaka zambiri. Chotidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amabwera ndi chithunzi chimene chawasangalatsa iwo eni pafoni, osaganizira ngati agogowo adzatha kuchiona, kuzindikira anthu amene alipo, ndi kuchisunga m'nyumba yawo momwe ilili. Ndalama imapita, agogo amathokoza mwaulemu, chithunzi n'kukathera pansi pa sutikesi.

Munthu akapitirira zaka 60 maso sagwiranso tinthu tating'ono, ndipo okalamba athu ambiri ali ndi ng'ala, ena pang'ono ena kwambiri, magalasi alibe. Ng'ala imazilalitsa mitundu, ndipo chilichonse chonyezimira chimathobwa m'maso. Pafoni inu mumatambasula chithunzi ndi zala ziwiri n'kuona nkhope bwinobwino. Papepala zimenezo palibe. N'chifukwa chake musanasankhe chithunzi chilichonse, dziwani kaye kuti nkhope idzatuluka yaikulu bwanji chikatsukidwa.

Muyeso wake ndi wosavuta. Bokosi la machesi m'litali ndi pafupifupi masentimita 5, ndipo nkhope iliyonse papepala, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, isachepe kwambiri kuposa pamenepo. Mutu wa munthu wamkulu ndi gawo limodzi mwa magawo 7 kapena 8 a msinkhu wake wonse. Choncho mukajambula munthu woimirira, kumutu mpaka kumapazi, n'kutsukitsa papepala laling'ono la masentimita 10 kwa 15, nkhope yake sikwana n'komwe masentimita 2. Nsapato ndi suti zidzaoneka, koma agogo sakufuna nsapato. Chithunzi cha paukwati chokhala ndi anthu 30 chimaipirapo, chifukwa nkhope iliyonse sifika sentimita imodzi, ndipo agogo amangoloza mongoganizira. Papepala la 13 kwa 18 muikepo anthu awiri kapena atatu, kuyambira pachifuwa kupita kumutu. Papepala la 20 kwa 25 kapena la A4 pakwana anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, m'mizere iwiri, mitu ili pafupipafupi. Zidzukulu zikakhala 20, musaziunjike pamodzi. Jambulani khomo lililonse palokha, mayi ndi ana ake, ndipo zithunzizo muziike mu alubamu kapena mufelemu limodzi lalikulu lokhala ndi mawindo angapo.

Nanga pachithunzipo pakhale ndani? Mverani amene agogo amamufunsa mukawaimbira foni. Kawirikawiri sakhala mdzukulu amene amadya naye mbale imodzi tsiku lililonse. Amakhala mnyamata amene anapita ku Joni zaka zapitazo ndipo sanabwereko, mtsikana amene ali pasukulu ku Zomba kapena pantchito ku Lilongwe, khanda lobadwira kutali limene sanalinyamulepo, kapena mwana amene anapatsidwa dzina lawo. Nkhope imeneyo ndiyo mphatso. Ndipo ngati n'kotheka munthuyo aoneke ali pa chimene akuchita: mwana mu yunifomu ya sukulu, wotsiriza maphunziro mu gauni lake, namwino m'zovala zantchito, telala pamakina ake, mnyamata pakhomo pa shopu imene amagwirako. Agogo sayang'ana chithunzi okha. Mlendo akafika amachitsitsa n'kuyamba kufotokoza kuti uyu ndi wa mwana wanga wachiwiri, ali kwakuti, akuchita zakuti. Chithunzi chimene chikuwapatsa zokamba choterocho chimagwira ntchito chaka chonse.

Zithunzi za nyanja yokha, dzuwa likulowa ku Cape Maclear, mlatho wa Bakili Muluzi kapena chipilala cha wotchi pa Boma, n'zokongola ndithu, koma n'za alendo ochokera kutali. Gogo amene watsukira mbale kunyanja moyo wake wonse saonapo chachilendo. Zimasintha agogo akakhala kuti anatengedwa ndi ana awo kupita ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndipo kumudzi anachokako kalekale. Pamenepo malo amakhala mphatso yaikulu, koma akhale malo awoawo: doko limene ankakocheza bwato, mtengo wa mango umene anadzala okha, mlambe wa pabwalo, mzikiti kapena tchalitchi chimene ankapempherako. Ngakhale apo, imikanipo munthu amene akumudziwa. Kwa agogo aamuna amene anali asodzi, chithunzi cha mdzukulu akusoka ukonde pambali pa bwato la pabanja chimanena zambiri kuposa madzi ndi mitambo.

Chithunzi chimene ife tikuchilimbikitsa kuposa zonse ndi cha agogo eni ake, ali pakati pa zidzukulu. Okalamba ambiri m'midzi yathu chithunzi chokhacho chimene ali nacho ndi cha pachiphaso cha unzika chimene anajambulitsa m'kalembera wa 2017. Zovuta zikagwa, abale amathamangira kusitudiyo ndi chiphasocho kuti tikulitse kankhope kakang'onoko, ndipo kamatuluka kosaoneka bwino ngakhale titayesetsa bwanji. Zimamvetsa chisoni, chifukwa munthuyo anakhala zaka zonsezi pakati pa mafoni a kamera. Sukulu zikatsekera mu Disembala ana amakhala ali kumudzi, ndiye mpata ndi umenewu. Ngati mibadwo inayi ilipo, agogo, mwana wawo, mdzukulu ndi mwana wa mdzukuluyo, musazengereze.

Kujambula munthu wamkulu kuli ndi mwambo wake. Auzeni dzulo lake kuti akonzeke. Musawadzidzimutse ali pamtondo kapena akuchokera kumunda, chifukwa chithunzi chimene inu mukuchiona ngati chachilengedwe, iwo amachiona ngati chowachotsa ulemu, ndipo sadzachionetsa kwa aliyense. Asankhe okha chitenje, mpango, mkanjo kapena jekete, ndipo ngati akufuna kugwira Baibulo, tasibihi kapena ndodo yawo, asiyeni agwire. Akhale pampando pakati, ana aang'ono pamiyendo ndi m'mbali, akuluakulu kumbuyo atawerama pang'ono kuti mitu iyandikane. Wojambula agwade kuti kamera ikhale molingana ndi maso a agogo. Mukajambula mutaimirira iwo ali pansi, mutu umakula, thupi n'kufupika, ndipo amaoneka ngati akupempha. Mkamwini musamukhazike phewa ndi phewa ndi apongozi ake. Pakati pawo pakhale mwana kapena mkazi wake, apo ayi nkhope zonse ziwiri zidzatuluka zomangika. Musawakakamize kuseka. Kwa akuluakulu ambiri nkhope yodekha ndiyo yaulemu, ndipo ena safuna kuonetsa kuti mano anatha. Chezani nawo, afunseni nkhani yakale, ndipo jambulani maulendo 10 kapena 15 motsatizana, chifukwa pagulu la anthu asanu sipalephera wina wophethira. Chisoti chokhala ndi mlomo chikwezedwe pang'ono kuti chisaphimbe maso ndi mthunzi. Ngati avala magalasi ndipo akunyezimira, aweramitse chibwano pang'ono chabe, kuwalako kumachoka.

Pali zina zimene kamera singakuuzeni, zofunika kufunsa amalume kapena azakhali amene amakhala pafupi ndi agogo. Kuno ku Mangochi makomo ambiri ndi achisilamu, ndipo ena mwa iwo sapachika zithunzi za anthu pakhoma, makamaka m'chipinda chimene amaswaliramo. Kumeneko felemu lalikulu limasanduka mtolo: kulikana sangathe, kulipachika sangathe. Apatseni alubamu yaing'ono yotseka, imene angaisunge ndi kuitulutsa akafuna. Nthawi yoperekera ikhozanso kukhala pa Idi osati pa Khrisimasi, ndipo kumbukirani kuti Idi imabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho konzekerani moyang'ana kalendala.

Yang'anitsitsaninso zovala ndi zimene zili kumbuyo. Chithunzi cha kugombe mutavala zosambira, kapena cha kuphwando botolo la mowa lili patebulo, sichingapachikidwe m'nyumba imene mumafika a shehe, akulu a mpingo ndi a mfumu. Chibwenzi chimene sichinadziwike kwa ankhoswe chisalowe pachithunzi cha agogo. Zikadzasokonekera, iwo ndiwo amatsala ndi munthu wachilendo pakhoma, kapena ndi chithunzi chodulidwa ndi lumo. Chimodzimodzi pamene banja linatha, kapena pamitala pamene makomo sakumwerana madzi. Sankhani ana okhaokha, pa iwo palibe amene amakangana.

Chithunzi cha munthu amene anatisiya, kaya ndi amuna awo kapena mwana wawo, ndi nkhani yofunika kuifatsira kwambiri. Ena chimawatonthoza, ena chimawadzutsira chilonda, makamaka maliro akakhala aposachedwa. Chimenechi sichiperekedwa modzidzimutsa pagulu anthu akudya mpunga wa Khrisimasi. Wina wapafupi afunse kaye mwakachetechete. Ndipo tikupempha anzathu a m'masitudiyo asiye kumata nkhope ya malemu pakati pa amoyo, kapena m'mitambo, popanda eni ake kupempha. Okalamba ambiri zimenezi zimawasautsa mumtima.

Tsopano kuwala, komwe kuno kumaononga zithunzi zambiri kuposa china chilichonse. Dzuwa la Mangochi masana limachokera pamwamba penipeni, limaika mdima m'maso ndi pansi pa mphuno, anthu amatsinzina, thukuta n'kumanyezimira pachipumi. Jambulani isanakwane 8 koloko m'mawa kapena itapitirira 4 koloko madzulo. Tsiku la mitambo yoyera, lomwe mu Disembala silisowa, ndi labwino koposa chifukwa kuwala kumafika mofanana pankhope yonse. Pansi pa mtengo wa mango pamaoneka ngati pabwino, koma dzuwa lodutsa m'masamba limasiya mawangamawanga pankhope. Malo abwino ndi m'mphepete mwa khonde, anthu ali mumthunzi koma akuyang'ana kubwalo, wojambula ali panja.

Amene akufuna nyanja ioneke kumbuyo adziwe mbali imene ali. Ku Makawa ndi ku Nkopola dzuwa limatulukira kunyanja, ndiye m'mawa limakhala kumbuyo kwa anthu ndipo nkhope zimada bii. Kumeneko jambulani madzulo. Ku Malindi ndi ku Makanjira limalowera kunyanja, choncho nthawi yake ndi m'mawa. Chifukwa chake n'chakuti kamera ikaona madzi owala kwambiri, kapena mkanjo woyera, imachepetsa kuwala kwa chithunzi chonse, ndipo khungu lakuda ndilo limayamba kutayika. Gwirani pankhope ya munthu pagalasi la foni musanajambule, kenako kwezani pang'ono kachizindikiro ka dzuwa kamene kamatuluka pambali. Madzi akayera mopitirira palibe kanthu, bola nkhope ioneke.

Pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa foni yokhala m'thumba nyengo yotentha imakhala ndi mafuta ndi thukuta, ndipo chithunzi chimatuluka cha utsi. Musakoke chithunzi ndi zala kuti munthu ayandikire. Yendani nokha mufike mamita awiri kuchokera pamene ali. Gwiritsani ntchito kamera yakumbuyo. Yakutsogolo ndi yofooka, imakulitsa mphuno chifukwa cha kuyandikira, ndipo mafoni ena amatembenuza zilembo za pamalaya. Zimitsani zonse zosalalitsa ndi kuyeretsa khungu. Agogo amadziwa khungu la mdzukulu wawo, amadziwa chipsera cha pachipumi ndi mpata wa m'mano, ndipo ndi zimenezo amamuzindikirira. Pomaliza onani kumbuyo: chingwe cha zovala, bafa, ndowa, kapena mtengo umene ukuoneka ngati wamera pamutu pa munthu.

Zithunzi zambiri zimene zimabwera kudzatsukidwa nyengo ino zimachokera kwa abale a ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town kudzera pa WhatsApp, ndipo apa ndi pamene anthu amakhumudwa kwambiri. Chithunzi chimapangidwa ndi timadontho, ma pixel. Foni ya ma megapixel 12 imajambula timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Kuti chituluke chakuthwa papepala pamafunika timadontho pafupifupi 120 pa sentimita iliyonse, ndiye kuti 1,800 kwa 1,200 papepala la 10 kwa 15, ndi pafupifupi 3,500 kwa 2,500 pa A4. WhatsApp, mukatumiza mwachizolowezi, imachifinya n'kutsala timadontho pafupifupi 1,600 m'litali. Chimenecho chikwana pepala laling'ono, pa 13 kwa 18 chimayesako, koma pa A4 maso ndi milomo zimasungunuka. Auzeni abalewo atumize ngati Document: agwire kachizindikiro kophatikizira zinthu, asankhe Document, kenako asankhe chithunzicho. Bandulo imadyeka yochulukirapo koma chimafika chathunthu. Mukhoza kutsimikiza poona kulemera kwake. Choyambirira chimakhala cha ma MB awiri kapena kuposa, chofinyidwa chimangokhala ma KB 100 kapena 200. Chimene mwachijambula pagalasi kuchokera pa status, kapena mwachikopa pa Facebook, ndiye chotsikitsitsa, musataye nacho ndalama ya felemu.

Masiku ano kuli mapulogalamu a pafoni amene amati amakonza chithunzi chosaoneka bwino. Chimene amachita ndi kupeka maso, mano ndi khungu pamene panalibe. Nkhope imatuluka yosalala ndi yakuthwa, koma ya munthu wina. Inu mukhoza kunyengeka, koma mayi amene anabala kapena kulera munthuyo amangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti uyu si iyeyo.

Vuto lina ndi kudulidwa kwa mitu. Chithunzi cha foni ndi pepala sizifanana maonekedwe. Foni imajambula muyeso wa 4 kwa 3, pepala la 10 kwa 15 ndi la 3 kwa 2, ndipo la 20 kwa 25 ndi la 5 kwa 4. Kuti chidzaze pepala, makina amadula mbali ina. Chithunzi chogona chikapita pa 10 kwa 15 chimataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 kumwamba ndi kumunsi, ndipo mpango wa azakhali amene anaima kumbuyo umapita pamenepo. Choipa kwambiri ndi chimene chajambulidwa modzaza galasi lonse la foni, cha 16 kwa 9: pa 20 kwa 25 chimataya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu m'mbali, ndiye kuti ana a kumapeto onse awiri achoka. Ikani kamera pa 4:3, siyani mpata pamwamba pa mitu ndi m'mbali, ndipo kusitudiyo pemphani akuonetseni pakompyuta mmene adulire asanatsuke. Ngati sichikukwana, asiye mizere yoyera m'mbali. Asachikoke kuti chidzaze, chifukwa anthu amatuluka onenepa kapena otalika mosakhala bwino.

Musanalipire chachikulu, tsukitsani kaye chaching'ono n'kukachiona panja. Galasi la foni lili ndi kuwala kwakekwake, pepala lilibe, choncho pafupifupi nthawi zonse chithunzi chimatuluka chakuda kuposa mmene chimaonekera pafoni. Chikatero pemphani awonjezere kuwala pankhope. Pepala likhale la zithunzi lenileni. Lija lofotokopera, ndi inki wamba, limayamba kuchucha likangogwidwa ndi chala chonyowa ndipo limasuluka msanga. Pakati pa lonyezimira ndi losanyezimira, limene m'situdiyo timati matte, sankhirani agogo losanyezimira. Silithobwa m'maso, ndiponso silisunga zidindo za zala, pakuti chithunzi chimenechi chidzagwidwa ndi anthu ambiri.

Ena amafuna kukulitsa chithunzi chakale, cha ukwati wa agogo kapena cha agogo aamuna ali mnyamata kumigodi. Imeneyi ndi mphatso yamtengo wapatali, koma choyambiriracho ndi chimodzi chokha padziko, ndiye chisamalidwe. Osachimata pulasitiki yotenthetsa ija. Ikagwira siichokanso, ndipo kutentha kumaononga chithunzi. Osachipukuta ndi madzi. Osachimata ndi selotepi, amasiya chikasu chosachoka. Ngati chinamatirira kugalasi la felemu, musachikoke, nkhope imatsalira pagalasipo. Chijambuleni momwemo. Chigonekeni pathebulo mumthunzi wa pakhonde, zimitsani fulashi, foni ikhale pamwamba pake molunjika osapendekeka, ndipo ngati galasi likuonetsa chithunzithunzi chanu, wina agwire chitenje chakuda kumbuyo kwa foniyo. Tsamiritsani zigongono pa chinthu kuti manja asanjenjemere. Chithunzi chakale chaching'ono chimalola kukulitsidwa kawiri, mukapitirira pamenepo chimafufuma. Ngati n'chakuda ndi choyera chisiyeni choncho. Kompyuta ikapaka mitundu imangopeka, n'kuveka agogo chitenje cha mtundu umene sanavalepo. Choyambiriracho chibwerere kwa mwini wake tsiku lomwelo, mu envulopu.

Felemu lisankhidwe moganizira nyumba imene likupita. Kuno kunyanja nyengo yamvula mpweya umakhala wachinyezi, ndipo chithunzi chogundana ndi galasi chimamatirira n'kuyamba nkhungu. Pakhale kakhadi kolimba kozungulira chithunzi, kotambalala masentimita awiri kapena atatu, kuti pepala lisakhudze galasi. Kumbuyo kukhale kabolodi kolimba, ndipo m'mphepete monse mumatidwe kuti mphemvu ndi fumbi zisalowe. Katoni ya m'golosale isagundane ndi chithunzi, imakoka chinyezi n'kusiya madontho ofiirira. Khoma la zidina kapena lozira limatulutsa chinyezi ndipo chiswe chimayendamo, choncho khomererani timitengo tiwiri ting'onoting'ono kumakona a m'munsi kumbuyo kwa felemu kuti pakhale mpata wa sentimita imodzi. Pakhoma lotere msomali waufupi sugwira. Tengani wa mainchesi anayi, muukhome mopendekera pansi.

Anthu amakonda kupachika zithunzi pafupi ndi denga, mwina poopa ana. Agogo amene amakhala pamkeka sangaone kanthu kumeneko. Chikhale mita imodzi ndi theka kuchokera pansi kapena kutsikirapo. Chisayang'anizane ndi windo kapena khomo, chifukwa galasi limanyezimira ndipo dzuwa limasulutsa mitundu. Chitalikirane ndi utsi wa nkhuni, mbaula, koloboyi ndi kandulo, chifukwa mwaye ukalowa sutuluka.

M'nyumba ya udzu imene imadontha, kapena mmene muli ana ambiri othamangathamanga, galasi si lanzeru. Apa ife timalangiza chithunzi chatsopano cha 13 kwa 18 chomatidwa pulasitiki. Chatsopano chikhoza kumatidwa popeza chikaonongeka mutsukitsa china. Ubwino wake ndi wakuti agogo amachigwira m'manja, kutuluka nacho pakhonde pamene pali kuwala, kuchiyandikitsa kumaso mmene akufunira, n'kupita nacho kwa anzawo kukawaonetsa. Kwa amene maso afooka kwambiri chimenechi chimaposa felemu lokwera mtengo.

Musaiwale maina. Lembani dzina la aliyense, mwana wa yani, malo ndi chaka. Kumbuyo kwa pepala lembani ndi pensulo yofewa mosakanikiza. Bolopeni imadinda mpaka kutsogolo, ndipo inki ya maka imalowerera. Ngati pensulo ikuterera, lembani pakapepala kena n'kukamata kumbuyo kwa felemu. Koposa apo, pemphani kusitudiyo alembe mainawo pansi pa chithunzi ndi zilembo zazikulu, zosachepera sentimita imodzi. Ngakhale agogo atakhala kuti sawerenga, ana amene akukula m'nyumbamo adzawawerengera, ndipo kukumbukira kukayamba kuvuta mainawo amathandiza.

Yambani sabata yoyamba ya Disembala. Masiku oyandikira Khrisimasi m'masitudiyo mumadzaza, magetsi nyengo yamvula amathimathima, mapepala aakulu amatha, ndipo ntchito yothamangitsa ndi imene imatuluka ndi mitu yodulidwa. Amene akupita kutali, ku Namwera, ku Katuli kapena ku Makanjira, aike felemu pakati pa makatoni awiri, alimange, alilowetse m'jumbo chifukwa cha mvula, ndipo alinyamule choimika pamiyendo. Pakabaza lisamangidwe pakaliyala ndi mphira, ndipo m'minibasi lisapite pansi pa mpando kapena pakati pa matumba. Tengani msomali ndi hamala, chifukwa felemu losiyidwa kuti wina adzapachika limakhala pansi mpaka Pasaka.

Perekani masana, panja, m'manja mwawo, ndipo musafulumire kuwauza amene ali pachithunzipo. Asiyeni atchule okha. Ngati atachigwira chapafupi akulephera kuzindikira nkhope ya munthu amene amamudziwa bwino, ndiye kuti nkhopeyo yachepa kapena yada, ndipo muyenera kutsukitsanso ya munthu ameneyo payekha, yaikulu. Pachifukwa chimenechi musafufute choyambirira mufoni. Chitumizeni ngati Document kwa abale awiri kapena atatu, chifukwa mafoni amatayika, amagwera m'madzi, ndipo si situdiyo iliyonse imene imasunga zithunzi za makasitomala ikatha ntchito.

Ndife,
Ojambula ndi otsuka zithunzi,
Mangochi Boma.